Dzanja la Chilupanga

International City, Dubai
12 Febuluwale 2023

Achimwene a Chikumbutso,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Balaka, pamodzi ndi alamu a Emelia ndi ana. Ine kuno ndili bwino, msana wokha ndiwo ukudandaula ndi makatoni. Mundiuze ngati mvula yakhazikika, komanso ngati mayi asiya kubisa mankhwala awo pansi pa pilo.

Kalatayi ndapatsira mayi Janeth, aja amabwera kuno kudzapikula mafoni ndi nsapato. Akupatsaninso phukusi lafulati. Musalitsegule ndi mpeni. Musambe kaye m'manja, mukhale pansi, mumalize kuwerenga.

Mukumukumbukira Chilupanga? Katuni ija tinkaonera pawindo la a Masiye Loweruka m'mawa, inu mutandikweza paphewa chifukwa ndinali wamfupi. Dzina lake lenileni sitinkalidziwa, tinangomutcha Chilupanga chifukwa cha lupanga lake lotalika ngati mtanda wa denga, atakwera chipembere chamapiko chija. Tikabwerera kunyumba munkamujambula ndi makala pakhoma la bafa, mayi n'kutikwapula tonse awiri, chonsecho ine ndinkangogwirizira makala.

Katuni imeneyo inalinso ndi timabuku take ta zithunzi. Tsamba lililonse lisanapite kumakina osindikizira, munthu ankayamba walijambula ndi dzanja papepala lalikulu lolimba. Pepala limenelo limakhala limodzi lokha padziko lonse, ndipo kuli anthu amene amatolera mapepala oterewa. Ku weyahausi yathu ku Dubai Investments Park timalongedza zithunzi za anthu olemera akamasamuka. Chaka chatha tinalongedza katundu wa mzungu wina amene anali nawo mapepalawa ambirimbiri. Nditaona Chilupanga ndinakuwa ngati ndakumana ndi wa kwathu pa siteji ya basi. Mzunguyo anaseka, n'kundipatsa kachidutswa kokhala ndi mutu wa chipembere. Matenda anandilowa tsiku limenelo. Ndinapeza kena pa intaneti, ndipo tsopano ndapeza tsamba lathunthu, tsamba 14, la mu 1986, lojambulidwa ndi mkulu wina dzina lake Jethro. Musandifunse kuti ndinadzimana zotani.

Mukaliona muganiza kuti ndi lakuda. Pansi pa inki pali mizere ya pensulo yabuluu, pena anafufuta ndi utoto woyera, mawu a anthu anachita kumata ndipo achita chikasu, pakona pali dontho la khofi. Musafufute kanthu, litsiro limenelo ndiye ulemu wake. Ndipo chonde musakalipange lamineti ngati satifiketi ya folomu folo, ndikukudziwani anthu a ku Balaka. Chikatoni chochirikiza kumbuyocho musachimatule, chisiyeni momwe chilili. Ndalongedza ndekha, ndipo pa kulongedza kuno palibe wondiposa.

Ndikulitumiza kwa inu chifukwa m'chipinda muno tilimo asanu ndi mmodzi ndipo eyakoni imadontha. Mnzanga Lubinda wa ku Lusaka anatsala pang'ono kuikapo kapu ya tiyi. Nditakalipa anangoti, "Iwe mudala, ni pepa chabe iyi." Munthu wodziwa kuti si pepala chabe ndinu nokha.

Zojambula zanu khumi ndi ziwiri zija munandipatsa pobwera kuno kuti ndikaonetse anthu, musadere nkhawa, ndikuziyendetsa. Anthu oyenera ndiwapeza, inshallah, monga amanenera kuno.

Ndine mng'ono wanu,
Enos

Balaka
6 Malichi 2023

Enos mng'ono wanga,

Tili bwino tonse. Mvula ikugwa yosaona nkhope. Mayi mankhwala akumwa, koma pokhapokha mlamu wako ataima pomwepo mpaka ameze.

Phukusi lafika. M'manja ndinasamba, pansi ndinakhala. Ndi tsamba labwino, mkuluyo inki amaidziwa. Ndaliika pamwamba pa kabati, pamene khoswe safika.

Ntchito ikuyenda mwa apo ndi apo. Sabata ino ndalemba chikwangwani cha butchala yatsopano pafupi ndi depoti, ng'ombe yonenepa imene ikumwetulira ngati siikudziwa kumene ikupita. Pakona ndalemba dzina langa ndi nambala ya foni, monga ndimachitira pa ntchito iliyonse. Umandiseka kuti ngakhale pakhoma la chimbudzi ndimasaina, koma wolemba zikwangwani akapanda kuika dzina pakona, anthu amayesa chikwangwanicho chinamera chokha.

Wati zojambula zanga ukuziyendetsa. Ndinazijambula miyezi isanu ndi itatu, Enos, ndikabwera ku ntchito manja akununkha tinala wosungunulira penti. Sindinakupemphe foni kapena nsapato za ku Dubai, ndinakupempha chimenechi chokha. Ndiye undiuze bwinobwino. Zili kuti panopa? Undiuze dzina la munthu mmodzi amene waziona, ndi zimene ananena.

Mkulu wako,
Chikumbutso

International City, Dubai
20 Epulo 2023

Achimwene,

Zikomo pondisungira chuma changa. Pepani ndachedwa kuyankha, ntchito inachuluka, anthu ambiri akusamuka kutentha kusanafike. Moni kwa mayi ndi alamu.

Kalata yanu inali yaifupi ngati risiti, kodi mwadwala? Ndimayembekezera masamba atatu a ndemanga pa Chilupanga.

Za zojambula zanu, mtima m'malo. Zili mu sutikesi yanga, mu pulasitiki, zosapindika. Ndinaonetsa bwana wina dzina lake Nick amene ali ndi shopu ya mafulemu ku Jumeirah Village Circle. Anakonda kwambiri chija cha amayi ogulitsa tomato pa njanji. Anati tidikire nyengo yozizira, alendo akachuluka. Zinthu za kuno zimafuna kudekha, achimwene, si ku Balaka kumene mumangoimika munthu panjira.

Tsamba lija muzilisuzumira kamodzi pa sabata, chinyezi chingalowe.

Enos

International City, Dubai
2 Okutobala 2023

Achimwene a Chikumbutso,

Moni nonse. Miyezi isanu yatha osalandira kalata yanu. Pa foni mumangoti "tili bwino" n'kupatsira mayi. Ngati ndinalakwa penapake mundiuze, koma lero ndili ndi nkhani yoti simungakhale nayo chete.

A Jethro akubwera ku Dubai! Eeh, mwini wake wa tsamba 14. Mwezi wamawa kuli chionetsero cha makatuni ndi timabuku ta zithunzi, ndipo mkuluyo adzakhala patebulo masiku awiri akusaina ntchito zake zakale. Ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, sadzabweranso. Akadzangosaina pansi pa tsamba langa, khalas, ndamaliza, ndikhoza kufa.

Mayi Janeth akunyamuka pa 28 mwezi uno. Muwapatse tsambalo momwe linabwerera, lafulati, ndipo muwauze alinyamule m'manja, lisapite pansi pa ndege ndi matumba a ufa. Musandigwiritse mwala, achimwene. Tsiku lopuma ndapempha kale, malaya ndagula.

Enos

Balaka
27 Okutobala 2023

Alamu a Enos,

Ndine Emelia. Tili bwino, kaya inu kumeneko. Achimwene anu akuti manja akuwapweteka, ndiye ndati ndilembe ndine, phukusi lisapite lopanda mawu ngati la mfiti.

Pepala lanu lija tapereka kwa mayi Janeth lero m'mawa. Alonjeza kuti alifungatira ngati khanda mpaka ku Dubai.

Koma alamu, mwawachita chiyani achimwene anu? Chifikireni kalata yanu yomaliza, adzitsekera mu shopu masabata atatu. Anabwera a tchalitchi kufuna chikwangwani, anawabweza. Anabwera wa saluni, anamubweza. Anakwera minibasi mpaka ku Limbe kukafuna pepala lolimba ndi timabotolo ta inki, ati za kuno sizikuda mokwanira. Tsiku lina ndinawapeza akupachika pepala kukhitchini pamwamba pa utsi, tsiku lina anandilanda masamba a tiyi. Ndikafunsa amangoti ndi ntchito ya Enos. Ine ndikuganiza kuti akukukonzerani mphatso yoti mudzadabwe, ndiye mukaiona musaulule kuti ndinakutsinani khutu.

Chimodzi chokha chikundidetsa nkhawa. Kale akamajambula ankaimba mluzu mpaka oyandikana nawo kudandaula. Ulendo uno ali duu.

Mayi akuti mudzawagulire mpango wonga uja munatumiza chaka chatha, wobiriwira unawauluka pa chingwe.

Mlamu wanu,
Emelia

International City, Dubai
19 Novembala 2023

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa mayi anatilera choncho, koma mumtima mwanga mulibe moni.

Dzulo ndinapita ku chionetsero. Ndinakwera mabasi awiri nditanyamula phukusi pachifuwa, Lubinda ali pambuyo ndi foni kuti andijambule. Tinaima pa mzere maola awiri. Kutsogolo kwanga kunali anthu ovala ngati zilombo za m'makatuni, ena ndi malupanga a pulasitiki, ine ndi malaya anga ositasita ngati ndikupita kukafunsira mbeta.

Nditafika patebulo ndinapeza kamdala kakang'ono, magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi. Ndinaika tsambalo patsogolo pawo. Anati, "Aa, tsamba 14," ngati akuitana mwana wawo. Anatsegula cholembera. Kenako anachitsekanso.

Analiyang'ana nthawi yaitali, achimwene. Anatsitsa magalasi achiwiri aja. Analitembenuza, analinunkhiza, kenako anayamba kuseka mpaka kutsokomola. Anandiuza kuti tsamba limeneli amalikumbukira kuposa onse, chifukwa analijambula mothamanga n'kulakwitsa dzanja lamanzere la Chilupanga, chala chachikulu anachiika mbali yolakwika. Linasindikizidwa choncho, ndipo anzawo akhala akuwaseka nacho mpaka lero. Ndiye analoza ndi cholembera. "Taona, mnyamata, dzanja ili lili bwinobwino. Si langa tsamba ili."

Anthu a pa mzere anayamba kusuzumira, ena kukweza mafoni. Mzimayi wina wa chionetserocho anabwera kudzandifunsa ngati ndimafuna kugulitsa chinthu chabodza. Ine, Enos, amene sindinabepo ngakhale selotepi ya ku weyahausi! Mdalayo anandifunsanso zina, koma sindikufuna kuzikumbukira. Lubinda anandikoka malaya, "Yalla mudala, tiyeni, bantu bakutamba," kutanthauza kuti anthu akutionerera. M'basi yonse sanandiseke, ndipo kusaseka kwakeko kunandipweteka kuposa chipongwe.

Ndikudziwa kuti ndinu. Kalata ya alamu ndaiwerenga kasanu: utsi, tiyi, inki ya ku Limbe. Palibe wina ku Malawi konse angajambule chipembere chija mpaka ine mwini wake osazindikira. Mwandipusitsa ngati mwana, inu amene munkandikweza paphewa. Ndinali ndi anthu asanu m'chipinda, sindinakhulupirire aliyense, ndinatumiza chinthu changa kutsidya kwa nyanja chifukwa ndinkati kwa achimwene ndiye kotetezeka.

Tsamba langa lili kuti? Mwagulitsa? Ana alithira madzi ndiye mumaopa kundiuza? Kapena ndi nsanje chabe, yoti mng'ono wanu ali ndi kanthu kamene inu mulibe? Mundiyankhe. Ndakwiya, ndipo ndili ndi manyazi oti sindinawamvepo chibadwire.

Enos

Balaka
10 Disembala 2023

Enos,

Tili moyo. Mayi sakudziwa kanthu za nkhaniyi, ndipo usawauze.

Tsamba lako silinagulitsidwe, silinanyowe, silinapindike. Mayi Janeth akubweretsera ulendo wa Januwale. Tsopano khala pansi nawenso, m'manja usasambe, ungowerenga.

Phukusi lako litafika mu Malichi kunali chinyezi, ndipo selotepi ya chikatoni cha kumbuyo chija inayamba kumatuka yokha. Unati ndisachimatule, ndipo sindinafune kutero. Ndimangofuna kumata bwino. Nditakweza pepala la khaki, ndinaona phazi la mayi wogulitsa tomato. Phazi lokha, Enos, thupi lake linali pa chidutswa china.

Zinali zojambula zanga. Unazidula ndi lula ndi mpeni, mwaukatswiri ndithu, zonse kukula kofanana, n'kuziphatikiza nkhope zitayang'anizana kuti zilimbe, zichirikize msana wa pepala la mzungu. Sunaname, pa kulongedza palibe wokuposa. Ndinakutuma kuti ukaonetse anthu katuni zanga, iwe unazisandutsa katoni.

Ndinakhala pansi mu shopu mpaka utoto unauma pa bulashi. Kenako ndinadziuza kuti mwina pali chifukwa, mwina zinanyowa, mwina mwanayu akuopa kundiuza. N'chifukwa chake ndinakulembera kukufunsa kuti zili kuti. Ndinakutsegulira khomo kuti unene zoona. Iwe unandiyankha kuti zili mu sutikesi, mu pulasitiki, ndipo bwana Nick wakonda amayi a tomato. Ndinawerenga kalata imeneyo amayi a tomatowo ali pamwendo panga, zidutswa zitatu. Ukufunsa chifukwa chake ndinakhala chete miyezi isanu. Ndikanalemba chiyani?

Utanena kuti mkulu wojambulayo akubwera, ndinaganiza kuti ntchito yanga sudzaionetsa munthu uli m'maso, koma ukhoza kuionetsa osadziwa. Ndinajambula tsamba lija mzere ndi mzere. Pensulo yabuluu ndinaika, utoto woyera ndinapaka pamene iye anapaka, dontho la khofi ndinalipanga ndi tiyi wa mlamu wako. Dzanja lija ndinaliona tsiku loyamba lomwe. Iwe wakhala ukulipembedza tsambalo, sunaone kuti munthu wako ali ndi manja awiri akumanja? Ndinayesa kawiri kulilakwitsa monga analakwitsira mwini wake, koma dzanja langa linakana. Ndinalikonza, ndikudziwa kuti akaliona adzazindikira.

Sindikunena kuti ndinachita bwino. Ndinakuchititsa manyazi pagulu, ndipo usiku woti mawa lake mayi Janeth anyamuka ndinatsala pang'ono kuwaimbira kuti abweze phukusilo. Sindinawaimbire. Manyazi ako anali a maola awiri pakati pa anthu osakudziwa. Anga ndakhala nawo kuyambira Malichi, m'nyumba mwanga momwe.

Tsamba lako ndalichirikiza ndi chikatoni chomwe chija. Ntchito imene unazipezera zojambula zanga zikuigwira bwino, zipitirize.

Koma pali chimodzi chimene ndikufuna kwa iwe, ndipo ukandiyankha chimenechi sindidzakufunsanso kanthu. Chiyambireni ntchito yanga sindinatulutsepo chinthu chopanda dzina langa pakona. Tsamba lija ndi loyamba. Sindinasaine, chifukwa ndinadziwa kuti mng'ono wanga adzakhala ataima pomwepo. Munthu wojambula akaona kuti wina wakonza dzanja limene linamuvuta zaka zonsezi, sangalephere kufunsa kuti wajambula ndani. Wati anakufunsa zina zimene sukufuna kuzikumbukira. Zikumbukire. Anafunsa chiyani, ndipo iwe unayankha kuti chiyani?

Mkulu wako,
Chikumbutso

International City, Dubai
3 Malichi 2024

Achimwene,

Ndikhulupirira mayi ali bwino, ndi alamu, ndi ana. Mpango wobiriwira ndapatsira mayi Janeth.

Tsamba linafika mu Januwale, lili bwinobwino. Dzanja ndaliona. N'zoona, chala chili mbali yolakwika, ndipo tsopano ndikaliyang'ana ndimangoona chalacho basi.

Kalata ino ndaiyamba kanayi. Nick kulibe, ndinangotenga dzina pa katoni ya kasitomala. Zojambula zanu sindinaonetse munthu ndi mmodzi yemwe. Sabata yoyamba nditafika kuno ndinapita nazo pa shopu ina ya zithunzi, ndinaona magalasi ake ndi anthu a mkatimo, ndinayang'ana yunifolomu yanga, n'kubwerera pakhomo. Ndinkati mawa, mawa, mpaka chaka chinatha zili pansi pa matiresi. Tsiku lolongedza tsamba lija ndinasowa pepala lolimba loyera, ndipo lanu linali labwino kuposa onse. Ndinadziuza kuti mudzajambula zina. Ndinadula osaziyang'ana kumaso.

Lamlungu lapitali ndinamatula chikatonicho n'kuyala zidutswa pabedi. Lubinda anandithandiza kulumikiza. Anagwira chija cha okwera njinga za kabaza nthawi yaitali, kenako anati, "Mudala, iyi si pepa chabe." Zisanu ndi ziwiri zalumikizika. Zinazo m'mphepete mwake ndinataya chaka chatha ku bini ya ku weyahausi.

Mwafunsa funso limodzi, ndiyankha.

A Jethro atamaliza kuseka anagwira tsamba lanu ndi manja awiri. Anati aliyense akhoza kukopera mizere, koma amene wajambula ichi amadziwa mmene dzanja limagwirira lupanga, ndipo mapiko a chipembere wawapatsa kulemera kumene iwo ankakusaka osakupeza. Anati akufuna kumulembera munthu ameneyu. Anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa kakhadi kokhala ndi keyala yawo, anatsegulanso cholembera chija kuti alembe dzina kumbuyo kwake. Anandifunsa kuti, "Wajambula ndani? Ukumudziwa?"

Anthu anali akundiyang'ana, achimwene, mafoni ali m'mwamba, mzimayi uja ataima pambali panga. Dzina lanu linali pakamwa panga, ndinali nditazindikira kale. Ndinaopa kuti akamva kuti ndi mkulu wanga adzati tinapangana.

Ndinawauza kuti ndinagula pa intaneti, kwa munthu amene sindikumudziwa.

Anapukusa mutu, anati n'zachisoni, n'kubweza kakhadi kaja m'thumba.

Ndine mng'ono wanu,
Enos